Chigoba Chikakana Kutuluka: Mawu kwa Osunga Mfuti za Chilolezo ku Dedza



Lero sindikamba za kusaka, ndiponso sindiphunzitsa munthu kulasa. Ndikamba za kamphindi kamodzi kamene kamadza mfuti itangolira: mwatsegula kuti chigoba cha chipolopolo chituluke, koma chigobacho chakakamira m'kati. Kamphindi kameneka ndimakaopa kuposa nthawi yowombera yeniyeniyo. Powombera munthu amakhala tcheru, amadziwa kumene mfuti yaloza. Koma chigoba chikakana, nguluwe ili paliwiro kulowera kudambo, anyani ayambanso kutsika m'phiri, ana a m'mudzi afika kudzaonerera, mtima umakwera ndipo manja amayamba kuchita zimene mutu sunawatume. Wina amasolola mpeni. Wina amathyola kamtengo. Wina amatembenuza mfuti n'kusuzumira kukamwa kwake. Zala ndi maso zimatayikira pamenepa.

Chigoba sichikakamira popanda chifukwa. Zifukwa zake n'zochepa, ndipo kawirikawiri zimasiya zizindikiro pa chigoba chomwecho, kotero kuti munthu amene amachitola n'kuchiyang'anitsitsa amadziwa matenda a mfuti yake asanakule. Patebulo pano ndaika zigoba zingapo zowomberedwa kale, zopanda wonga. Muzilandizana pamene ndikuyankhula.

Agogo athu ambiri mfuti adaidziwira pa gogodera, zija zidalowa kuno ndi amalonda a minyanga ndi akapolo m'zaka za m'ma 1800. Gogodera ilibe chigoba. Wonga ndi tizitsulo zimalowera kukamwa, munthu ataimika mfuti pansi, dzanja lili pamwamba pa mpope akutsindira ndi ndodo. Mfuti imeneyo yachepa tsopano, koma chizolowezi chake chidatsala m'manja mwathu: chilichonse chikavuta, timathamangira kukamwa kwa mfuti ndi ndodo, nkhope ili pomwepo. Mfuti zimene muli nazo lero zimatsegukira kumbuyo, ndipo vuto lililonse liyenera kuyamba kufufuzidwa kumbuyoko.

Mwa inu nonse ndaona mitundu itatu. Pali yothyola pakati, ya mpope umodzi kapena iwiri, monga Baikal yochokera ku Izhevsk m'dziko la Russia. Zina mwa zimenezi zimangotukula chigoba pang'ono kuti muchichotse ndi zala, zina zili ndi sipuling'i imene imachilavulira kutali. Dziwani kuti yanu ndi iti, chifukwa ndidaonapo mwini mfuti akudandaula kuti yaonongeka, siikulavula, pamene idapangidwa yongotukula basi. Pali Greener, imene dzina lake ndi la W. W. Greener wa ku Birmingham. Kutsekera kwake adatengera ku mfuti ya asilikali a Britain yotchedwa Martini-Henry ya mu 1871: mukakankhira pansi chogwirira cha kunsi, chitsulo chotsekera chimagwa n'kumenya kambedza kamene kamakoka chigoba. Ndiye pali ya pampu, imene alonda ambiri mumanyamula, yotengera kapangidwe ka Remington 870 ya mu 1950 kapena Mossberg 500 ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Pa imeneyi kambedza kamakokera chigoba kumbuyo, chigobacho n'kukagunda kachitsulo kena m'kati, n'kutulukira pawindo la m'mbali.

Zonse zitatuzi zimadalira chinthu chimodzi chimene chimachitika mwachangu koti diso silingaone. Msomali wa mfuti ukamenya kabatani ka pakati pa tako la chipolopolo, wonga umayaka, ndipo mphamvu yake imatupitsa chigoba mpaka kukanikizana ndi makoma a chipinda chimene chagonamo. Kutupa kumeneku n'kofunika, chifukwa ndi kumene kumatseka utsi kuti usabwerere kumaso kwanu. Mtovu ukatuluka, mphamvu imatsika, chigoba chimanyala pang'ono, ndipo kunyala kumeneko ndiko kumachimasula. Kambedza ndi kachitsulo kakang'ono. Ntchito yake ndi kukoka chigoba chomasuka kale. Sikadapangidwire kuzula chokakamira.

Kuno kwathu mdani woyamba ndi chinyontho. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri ili pa 2,198. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi mvula, mu Juni ndi Julayi ndi nkhungu ndi chisanu. Mlonda wagona kumunda wa mbatata ya kachewere ku Bembeke usiku wonse, mfuti yazizira mpaka kuluma zala. M'mawa alowa nayo m'khitchini momwe muli moto, ndipo chitsulo chozizira chija chimayamba kutuluka thukuta, kunja ndi m'kati momwe. Kunja amapukuta chifukwa akuona. M'chipinda cha chipolopolo sapukutamo. Kenaka amaikulunga m'thumba la saka kapena m'bulangete n'kuisomeka pansi pa matiresi, ndipo nsaluyo imasunga chinyontho chija pachitsulo kwa masiku. Ena amaiyedzamitsa pakona pomwe pali matumba a feteleza, amene amakoka chinyezi ndi kudya chitsulo. Yang'anani khasu limene lagona pafupi ndi thumba la urea mwezi umodzi. Dzimbiri limayamba ngati kafumbi kofiira, kenaka limakumba timaenje. Chigoba chikatupa chimalowa m'timaenjemo, ndipo ngakhale chinyale sichingamasuke.

Tengani chigoba chofiira chimene chili kwa a Gulupu apocho. Yendetsani chikhadabo m'mbali mwake. Mukumva kukhakhala? Mukuona timizere toyera totsika m'litali mwake, ndi timadontho tosindikizika pa tako? Icho chidatuluka m'chipinda cha dzimbiri. Chotuluka m'mfuti yosamalika chimakhala chosalala ngati chatsopano, chongodera pang'ono kukamwa.

Palinso china chokhudza takolo. Limaoneka la mkuwa, koma zipolopolo zambiri za masiku ano tako lake ndi chitsulo chongokutidwa ndi mtundu wa mkuwa pamwamba. Ikani maginito a m'sipika ya wailesi, muona likumata. Mkuwa weniweni ukatupa umabwerera bwino. Chitsulo chimabwerera pang'ono chabe, ndipo chimachita dzimbiri. N'chifukwa chake mfuti imene inkalavula bwino zipolopolo za kale imatha kuyamba kuvuta ndi zotsika mtengo za lero, mfuti ili yomweyo. Chipolopolo chimene chagona miyezi m'thumba la jekete yonyowa, tako litachita mawanga ofiirira, musachikakamize kulowa. Zipolopolo za thupi la pepala, zimene zidali ponseponse pulasitiki asanafike mu 1960, zimatupa ndi chinyezi monga chimachitira chitseko cha thabwa nthawi ya dzinja. Ngati mudatsala nazo za malemu bambo anu m'chikwama, zaka zake zakwana, kaperekeni kupolisi.

Mankhwala a vuto limeneli ndi otsika mtengo, koma amafuna khama. Mfuti ikachokera kozizira, isiyeni yotsegula, yopanda chipolopolo, mpaka itafunda, kenaka pukutani m'kati ndi kunja. Chipinda chitsukeni ndi burashi ya mkuwa ndi palafini pang'ono, muumitse ndi kansalu koyera. Posunga, pakani oyilo wopepuka, wa mfuti kapena wa makina osokera. Mafuta ophikira ayi: amauma n'kusanduka ulimbo umene umagwira kambedza ndi msomali. Oyilo wakuda wotsala m'galimoto ayinso, muli tizitsulo ndi litsiro. Ndipo musanapite kumunda, pukutaninso chipinda chiume, chifukwa oyilo wotsalamo amakola fumbi komanso amalepheretsa chigoba kugwira makoma, mphamvu yonse n'kumakankha chotsekera. Sandipepala ndi tupa zisalowe m'chipinda. Mukachikulitsa ngakhale pang'ono, zigoba zimayamba kung'ambika ndipo palibe wobwezeretsa chitsulo chimene mwachotsa.

Chifukwa chachiwiri ndi kutalika kwa chipolopolo, ndipo apa ndikupempha mumvetsere bwino, chifukwa anthu ochenjera omwe amanyengeka. Nambala 12 imene ili pa mfuti zanu imangonena kukula kwa chibowo cha mpope, mamilimita pafupifupi 18.5. Sinena kutalika kwa chipinda. Zipinda zilipo za mamilimita 65, 70, 76, ndi zina zofika 89. Mfuti zambiri zakale za ku Britain zili ndi chipinda cha 65. Zipolopolo zambiri zogulitsidwa lero ndi za 70. Msampha uli apa: nambala yolembedwa pa chipolopolo ndi kutalika kwake chikatseguka kukamwa, chitawomberedwa. Chisanawomberedwe, kukamwa kwake n'kopindira m'kati, choncho n'chachifupi. Chipolopolo cha 70 chimalowa bwinobwino m'chipinda cha 65, cha 76 chimalowa m'chipinda cha 70, mfuti n'kutsekeka popanda kukana. Munthu amati, poti chalowa ndiye kuti n'chake. Koma powombera, kukamwa kuja kumasowa potambasukira, kumakatsegukira pamene chipinda chayamba kale kuchepa polowa mumpope. Mtovu umadutsa mopanikizika, mphamvu imakwera kuposa muyeso, mfuti imakankha phewa mwachilendo, ndipo chigoba chimakakamira. Chobiriwira chimene chili m'manja mwa mayi awo chikuonetsa zimenezi: kukamwa kwake n'konyenyeka, kothethekatetheka, kwina kwadukiratu. Pa mfuti ya pampu, chigoba chotalika chimathanso kutuluka m'chipinda koma n'kukodwa pawindo.

Mukafika kunyumba, yang'anani pa mpope kapena pansi pake pamene pamabisika ndi chogwirira. Mupeza 12/70, kapena 12/76, kapena manambala a mainchesi: 2½ ndi 65, 2¾ ndi 70, 3 ndi 76. Chipolopolo chachifupi m'chipinda chachitali chilibe vuto. Chachitali m'chipinda chachifupi n'choletsedwa. Ngati zolembazo zidafufutika, musayerekeze ndi maso. Pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti akayeze. Eni Greener, dziwaninso kuti si Greener iliyonse imene ndi ya 12. Ina idapangidwira apolisi a m'maiko a atsamunda, ndipo ya mtundu wa Mark III adaipanga dala kuti izilandira chipolopolo chakechake, chochepa khosi, kuti ikabedwa wakubayo asowe chowombera.

Ndipatukeko pang'ono. Ngati pakhomo pali mfuti ya 12 ndi ina ya 20, zipolopolo zake zisakumane m'thumba limodzi. Cha 20 n'chowonda. Mukachiponya mu 12 mumdima chimatsetsereka kupyola chipinda n'kukaima m'tsogolo. Mukhethemula, zii. Mutsegula, muona chipinda chili mbee, muganiza kuti mudaiwala kuika, muika cha 12 kumbuyo kwake. Mpope umaphulikira pomwe pali dzanja lanu lamanzere. Opanga ambiri amapaka zipolopolo za 20 mtundu wachikasu pofuna kupewa ngozi yomweyi, koma usiku mtundu suoneka.

Chifukwa chachitatu chili pa kambedza ndi pa dzanja la mwini mfuti. Yang'anani mkombero wa tako la chigoba chimene chavuta. Ngati mkombero wapindika kapena wang'ambika, kambedza kadagwira ndithu ndipo kadakoka ndi mphamvu, ndiye vuto lili m'chipinda kapena pa chipolopolo. Ngati mkombero uli wosakhudzidwa, kambedza kadadumpha: mwina kaphwanyika nsonga, mwina sipuling'i yake yafooka, mwina pansi pake padzaza litsiro la wonga ndi mafuta ouma. Litsiroli ndilo lofala, ndipo mswachi wakale ndi palafini zimathetsa. Za dzanja, Greener imafuna kuti chogwirira chitsike kamodzi n'kamodzi, mwamphamvu, mpaka pamapeto. Mukachitsitsa monyengerera, chotsekera sichimenya kambedza mokwanira ndipo chigoba chimangosuzumira. Ya pampu chimodzimodzi: kokerani kumbuyo mpaka igunde, kankhirani kutsogolo mpaka itseke. Alonda atsopano, mantha akawagwira, amakoka theka, chigoba chakale chisanatuluke chatsopano chayamba kale kukwera, ziwirizo n'kupanikizana pawindo. Mfutiyo ilibe mlandu pamenepo.

Tsopano zachitika, muli kumunda, chigoba chakana. Funso loyamba si lakuti ndichichotsa bwanji. Funso loyamba ndi lakuti, kodi chawomba?

Ngati mwakhethemula n'kungomva kuti "ke", mfuti osalira, musatsegule. Isiyeni paphewa, yoloza komwe idaloza, kutali ndi anthu ndi ziweto, ndipo werengani pang'onopang'ono mpaka 30. Ine ndimati pitirizani mpaka 60, palibe chimene mutaye. Chipolopolo chonyowa kapena chokalamba chimatha kuchedwa kuyaka, ndipo chikayaka mfuti ili yotsegula theka, tako lake limabwerera kumaso. Nthawi ikakwana, tsegulani nkhope mutaipatutsa. Ndipo musanamizidwe ndi kachibowo kamene msomali wasiya pa kabatani. Kachibowoko kamangosonyeza kuti msomali udamenya. Sikasonyeza kuti wonga udayaka. Chipolopolo chimene kukamwa kwake kukadali kopindika n'chamoyo, kaya chamenyedwa kangati. Kachibowo kosazama kakukuuzani kuti msomali wamatidwa ndi litsiro kapena sipuling'i yake yatopa.

Ngati mfuti yalira mofooka, kuti "pfu" m'malo mwa kugunda kwake kwa masiku onse, phewa osamva kanthu, imani pomwepo ngakhale chigoba chituluke bwino. Pakati pa wonga ndi mtovu pamakhala chitsekerero cha pulasitiki, ndipo wonga ukayaka mopereweza chitsekererocho chimatsalira mumpope. Chipolopolo chotsatira chikachipeza, mpope umatupa kapena kung'ambika. Tsegulani, chotsani zonse, suzumirani kuchokera kumbuyo mpope utaloza kowala. Muyenera kuona bwalo loyera lathunthu. Chitaninso chimodzimodzi mukagwa nayo m'matope a m'dimba, chifukwa dothi lotseka kukamwa limachita zomwezo.

Ngati yalira mokwanira, yakankha phewa, utsi mwauona, koma chigoba chakana, muli ndi nthawi. Pa yothyola, chotsani chogwirira cha kutsogolo, mupatule mpope ku mbali imene kuli msomali. Mpope ukakhala pawokha, tengani ndodo yathabwa yoongoka, yotalika kuposa mpopewo. Iyezeni kaye kunja, muike chizindikiro pomwe mpope ukuthera. Kenaka ilowetseni pang'onopang'ono, osagogoda. Ikamira mpaka kutsala pang'ono kufika pachizindikiro, yalowa m'chigoba chopanda kanthu, ndipo mukhoza kugogoda mofatsa mpaka chigwe. Ikaima kukadali kotalika ngati chala chanu, yakumana ndi chipolopolo chamoyo: itulutseni, ndipo ntchito yanu yathera pomwepo. Pa ya pampu, tsekani loko, chotsani kaye zipolopolo zonse za m'paipi ya pansi, kenaka dinani kabatani komasulira n'kukoka mwamphamvu kamodzi. Chizolowezi chomenyetsa tako la mfuti pansi ndimachikana. Kukamwa kwa mfuti kumakhala pafupi ndi chibwano chanu, thabwa limang'aluka, ndipo nthawi zambiri kambedza kamangodula mkombero n'kusiya chigoba chili momwemo.

Chipolopolo chamoyo chokakamira sichitokosoledwa ndi mpeni, msomali kapena sikuludiraiva, chifukwa chitsulo chikaterereka chimakagwera pa kabatani. Sichigogodedwanso kuchokera kutsogolo. Tumizani uthenga kupolisi kapena kwa mmisiri wovomerezeka kuti muli ndi mfuti yokhala ndi chipolopolo m'kati, akuuzeni kanyamulidwe kake. Musakwere nayo minibasi ya ku Linthipe kapena kabaza muli duu, anthu atakupanikizani mbali zonse.

Pali zigoba zina zimene zikatuluka muyenera kuleka kuwombera tsiku lomwelo: chotupa pamwamba pa tako, chong'ambika m'mbali, cha kabatani kobooka kapena kotuluka m'malo mwake, chodera mwaye kuzungulira tako. Zimenezi zikunena kuti mphamvu yapyola muyeso kapena chotsekera chayamba kugwedera. Sungani chigobacho, mupite nacho pamodzi ndi mfuti. Mmisiri amawerengapo zambiri kuposa zimene mungamufotokozere pakamwa.

Nanga chigoba chikatuluka bwino, chipite kuti? Ambirife timachisiya pomwe chagwera, ndipo ine ndikuti tileke. Lamulo la mfuti la mu 1967 limafuna chilolezo pa mfuti ndi pa zipolopolo zomwe. Munthu amene adagula 25, n'kutha kuonetsa zamoyo 19 ndi zigoba 6, ndi kakope kolembamo tsiku, malo ndi chimene adawombera, amayankha funso lililonse la apolisi mtima uli m'malo. Mlonda pomaliza ntchito m'mawa apereke zamoyo ndi zigoba, chiwerengero chifanane ndi chimene adalandira madzulo. Zimateteza bwana, koma zimateteza kwambiri mlondayo tsiku limene kwamveka mfuti m'dera ndipo anthu akufuna womuloza chala. Lamulo la nyama zakutchire la mu 1992, limene lidakhwimitsidwa mu 2017, limafuna kuti munthu akapha nyama yotetezedwa podziteteza akanene msanga kwa akuluakulu oona za nyama. Pokanenapo, chigoba ndi kakope kaja ndi mboni zanu.

Chigoba chosiyidwa m'munda amatola ndi mwana. Amachiimba ngati wezulo, amachiika m'kamwa, ndipo akuluakulu ena amasungiramo fodya wa mphuno kapena mchere wa paulendo. M'kati mwakemo mumatsala mwaye wa mtovu, wochokera ku tinjere ta m'chipolopolo ndi ku mankhwala a m'kabatani. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene ungatchedwe wosaopsa m'thupi, ndipo ana ndiwo amapwetekeka kwambiri, chifukwa umaononga ubongo umene ukukula. Mukagwira zigoba kapena kutsuka mfuti, sambani ndi sopo musanakhale pa nsima. Chipolopolo chimodzi cha 12 chimamwaza magalamu a mtovu kuyambira cha m'ma 28 mpaka 36, ndipo maiko ena adaona kuopsa kwake pa mbalame zimene zimatola tinjereto m'madambo: dziko la America lidaletsa mtovu posaka mbalame za m'madzi mu 1991, Denmark idauletseratu pa mfuti zotere mu 1996. Ife tisanafike pamenepo, tingathe kudula n'kutaya mnofu wonse wozungulira bala, ndi kukwirira nyama yolasidwa imene sitidya, kuti agalu ndi miimba zisadye mtovuwo. Thupi la chigoba ndi chitsekerero chija ndi pulasitiki, saola. Ng'ombe ikameza pamodzi ndi mapesi amakhalira m'mimba.

Pali choopsa china chimene chimagwera amayi ndi ana, anthu amene mfutiyo sanaigwire n'komwe. Chipolopolo chokana kulira chija, munthu wakwiya nacho, amachiponya patchire kapena kudzala. Mu Seputembala ndi Okutobala tikusosa ndi kutentha mapesi, kapena mwana akutentha zinyalala kuseri kwa nyumba, chimaphulika, tizidutswa ta tako n'kuulukira m'maso. Chokana kulira chisungidwe pachokha, m'kachitini kolembedwa, kotsekeredwa pamodzi ndi zipolopolo zina kutali ndi moto ndi ana, mpaka tsiku lopita nacho kupolisi. Posonkhanitsa zigoba, yang'anani chilichonse kukamwa, kuti chamoyo chisasakanikire ndi zakufa.

Mudzafikiridwa ndi anthu ofuna kugula zigoba zanu, makamaka ife okhala m'malire, kumene msewu wa M1 umayenda Malawi ali mbali iyi Mozambique mbali iyo. Amakazidzazanso mobisa ndi wonga wosadziwika muyeso ndi zitsulo zodula, n'kumagulitsa motchipa. Kumaiko kumene kudzazanso zipolopolo n'kololedwa, amachita ndi sikelo yoyeza tizigawo ta galamu ndi mabuku a miyeso. Za mumdimazi palibe amadziwa mphamvu yake, ngakhale wozipangayo. China chimangoti pfu n'kusiya chitsekerero mumpope, chotsatira chake chimang'amba mfuti. Zimakakamira kawirikawiri chifukwa tako lidatupa kale paulendo woyamba. Ndipo zikakapezeka pa malo a umbanda kapena pa nyama yophedwa m'nkhalango ya Dzalanyama, chigobacho chidachokera m'bokosi lanu. Musagule, musagulitse. Zigoba zanu, zikawerengedwa ndi kulembedwa, ziphwanyeni kukamwa ndi pulayala kuti zisadzazikenso, muzisunge m'thumba limodzi, ndipo pokakonzetsanso laisensi funsani apolisi kuti azilandire kapena akuuzeni kotaya.

Anyakwawa, gawo lomaliza ndi lanu, chifukwa zotoledwa m'mudzi zimafikira pakhomo panu. Mwana kapena mayi wochokera kunkhuni akakuuzani kuti waona zigoba m'nkhalango ya Chongoni, pamanda, kuseri kwa golosale yothyoledwa, kapena paliponse pamene sipayenera kumveka mfuti, musatume munthu kukazitenga. Msomali wa mfuti iliyonse, kambedza kake ndi chotsekera chake zimasiya zipsera zakezake pa tako, ndipo akatswiri a polisi amatha kufananiza chigoba ndi mfuti imene idachilavula. Malo amene chagwera amasonyezanso pomwe wowomberayo adaima. Chikadutsa m'manja khumi n'kufika m'thumba la malaya anu pamodzi ndi makiyi, zambiri mwa zimenezi zafufutika. Vundikirani ndi beseni ngati kukubwera mvula, ikani munthu wamkulu aletse ana kufikapo, lembani tsiku ndi dzina la malo, ndipo imbirani polisi ya Dedza kapena yapafupi ndi inu, kapena a zankhalango ngati ndi m'nkhalango ya boma.

 Amene mwabwera ndi mapepala a mfuti zanu, tiyambe ndi kuona manambala a zipinda, mmodzimmodzi, kuyambira mzere wakutsogolowu.